Claim ya bala la chala chachikulu ikamangobwerera: poyambira kufufuza

Bala la pachala chachikulu silivuta kuchiza. Munthu wadzicheka ndi mpeni akudula anyezi, dokotala wasoka, wodwala wapita kwawo. Koma kwa amene ntchito yake ndi kuika ma code ndi kutumiza ma claim, mapempho a malipiro, ku makampani a inshuwalansi a ku America, kabala komweko kamatha kubwerera patebulo kawiri katatu ndalama osatuluka. Ndikulembera anzanga a ntchitoyi, amene ali ku United States komweko ndi amene amatumikira zipatala za kumeneko pa intaneti. Zonse zili pano ndi za ICD-10-CM, buku la ma code a matenda, imene America inayamba kugwiritsa ntchito pa 1 Okutobala 2015, ndi CPT, buku la ma code a ntchito za dokotala, ya bungwe la American Medical Association.

Chizolowezi choyamba chofunika kusiya ndi chotumizanso claim yomweyo osasintha kanthu, poganiza kuti mwina kompyuta ya uko inasokonezeka. Chimene mudzalandira ndi CO-18, kutanthauza kuti mwatumiza kawiri, ndipo masiku akhala akupita. Tsegulani remittance, chikalata cha yankho la inshuwalansi, muwerenge nambala ya chifukwa chokanira. CO-16 ikutanthauza kuti pali chosowa kapena cholakwika pa claim, ndipo ikabwera ndi M76 ndiye kuti vuto lili pa code ya matenda. CO-11 ndi code ya matenda yosagwirizana ndi ntchito imene mwalemba. CO-4 ndi nkhani ya modifier, kachizindikiro koonjezera pa code ya ntchito. CO-97 akuti ntchitoyo inalipiridwa kale mkati mwa ina. CO-19 akuti munthuyo anavulala kuntchito, si ife olipira. Nambala zimenezi zimangoloza mbali yoyang'ana. Yankho lenileni nthawi zambiri lili m'zimene dokotala analemba, kapena zimene sanalembe.

Zimene code ikufuna kudziwa

Mabala otseguka a padzanja ali m'gulu la S61. Chala chachikulu chili ndi malo akeake: S61.0 ngati chikhadabo sichinakhudzidwe, S61.1 ngati chikhadabo chinaonongeka. Nambala yachisanu, powerenga kuyambira pa S, imanena mtundu wa bala. 1 ndi kuchekeka popanda chinthu chotsalira m'balamo, 2 ndi kuchekeka muli chinthu monga kachidutswa ka galasi, 3 ndi kubayidwa popanda chotsalira, 4 ndi kubayidwa chinthu chitatsalira, 5 ndi kulumidwa, ndipo 0 ndi bala losatchulidwa mtundu. Yachisanu ndi chimodzi imanena dzanja: 1 lamanja, 2 lamanzere, 9 losatchulidwa. Kenako chilembo chomaliza, A, D kapena S. Choncho S61.011A ndi kuchekeka kwa chala chachikulu chakumanja, chikhadabo chili bwinobwino, mulibe chotsalira. S61.142A ndi kubayidwa kwa chakumanzere, chikhadabo chaonongeka, chinthu chili momwemo.

Code yopanda chilembo chomaliza siili code ngakhale pang'ono. S61.011 yokha imakanidwa, kawirikawiri ndi clearinghouse, kampani yapakati yodutsitsa ma claim, isanafike n'komwe ku inshuwalansi. Imeneyi ndi yosavuta kukonza. Yovuta ndi ija yooneka yathunthu koma yodzaza 0 ndi 9, monga S61.009A. Mwalamulo ndi yovomerezeka, koma makampani ambiri amaikana, ndipo ine sindiwaimba mlandu. Dokotala amene wasoka chala sangalephere kudziwa kuti chinali cha dzanja liti. Ngati iye sanalembe, malangizo a ICD-10-CM amakulolani kutenga mbali ya dzanja kuchokera pa zimene namwino kapena wachipatala wina woona wodwalayo analemba. Koma namwino akalemba lamanja dokotala nalemba lamanzere, musasankhe nokha. Funsani dokotalayo, akonze m'zolemba zake, ndiye mutumize.

Za chikhadabo ndiye zimaiwalika kwambiri. Madokotala amalemba utali wa bala, ulusi umene agwiritsa ntchito, kangati abaya singano, koma chikhadabo osachitchula. Pena mumaona m'munsi mwa zolemba kuti anachotsa chikhadabo n'kusoka pansi pake, pamene pamwamba analemba kuchekeka chabe. Mukatenga mzere wapamwamba wokha mudzaika S61.01, ndipo ntchito ya pachikhadabo idzaoneka ngati yochitidwa pa chala chabwinobwino. CO-11 imabadwira pamenepo. Werengani mpaka pansi.

Misampha iwiri ya manambala

Woyamba umagwira ngakhale akale pantchito. Pa chala chachikulu, 1 ndi kumanja, 2 ndi kumanzere. Pa zala zinazo, zimene zili mu S61.2 ndi S61.3, kawerengedwe n'kena. Kumeneko 0 ndi chamkombaphala chakumanja, 1 ndi chamkombaphala chakumanzere, 2 ndi chapakati chakumanja, 3 chapakati chakumanzere, n'kumapita choncho mpaka 7. Ndiye S61.011A ndi chala chachikulu chakumanja, koma S61.211A ndi chamkombaphala chakumanzere. Nambala imodzi yokha yasintha, koma chala chasintha ndi dzanja lomwe. Mpeni ukacheka zala ziwiri nthawi imodzi, chimene chimachitikachitika kukhitchini, apa ndiye poyenera kuyenda pang'onopang'ono.

Wachiwiri ndi wa ife amene tinaphunzira ICD-10 ya World Health Organization, monga imene ma medical scheme a ku South Africa amagwiritsa ntchito. M'buku limenelo S61.0 ndi bala la chala chilichonse chopanda vuto la chikhadabo, chachikulu chili momwemo, ndipo S61.1 ndi chala chilichonse chokhala ndi vutolo. Mulibe dzanja, mulibe A, D kapena S. Munthu wozolowera zimenezo akafika pa ICD-10-CM amaika S61.0 pa chala chapakati mosaganiza kawiri. Ku America S61.0 ndi ya chala chachikulu basi.

A, D ndi S

Chilembo A sichiwerenga kuti wodwala wabwera kangati. Chimanena kuti balalo likulandirabe chithandizo chenicheni: kusoka, kutsuka mozama, kuchotsa chotsalira, opaleshoni. Wodwala akaonedwa ku emergency Lolemba, natumizidwa kwa katswiri wa manja amene akamuchita opaleshoni Lachitatu, onse awiri aika A. D ndi ya nthawi yochira, pamene ntchito yaikulu yatha ndipo kwatsala kuyang'ana bala, kusintha bandeji ndi kuchotsa ulusi. Ngakhale dokotala akumuona munthuyo koyamba, ngati wabwera kudzachotsa ulusi umene anasokedwa kwina, ndi D.

Pochotsa ulusi ambiri amathamangira Z48.02, code ya ulendo wodzachotsa ulusi. Malangizo amanena momveka kuti ma code a Z a chisamaliro cha pambuyo sagwiritsidwa ntchito pa kuvulala, chifukwa D imagwira kale ntchito imeneyo. Ikani code ya bala lomwe lija ndi D kumapeto, monga S61.011D.

S ndi ya zotsalira bala litapola kale, monga chipsera chimene chikukoka khungu. Pamenepo mumayamba ndi code ya vuto la lero, kenako ya bala lakale yokhala ndi S. Siibwera kawirikawiri pa chala chachikulu, ndipo ndikaiona pa ulendo wa patangopita sabata ndimadziwa kuti wina anafuna D.

Bala likachita mafinya kapena kutupa, S61 ili ndi lamulo loti muonjezere code ya matenda olowa pabalapo. Cellulitis ya chala, matenda otupitsa khungu, ndi L03.011 kumanja, L03.012 kumanzere, ndipo chachikulu chili momwemo.

Pamene S61 siyenera kukhalapo

Claim zina zimakanidwa chifukwa ma code awiri sayenera kukhala limodzi. S61 ili ndi Excludes1, lamulo loletsa kuika ma code awiri pamodzi, pa zinthu ziwiri: kuthyoka kwa fupa kokhala ndi bala lofika pafupapo, ndi kuduka kwa chala. Chitseko cha galimoto chikafinya nsonga ya chala, fupa n'kusweka khungu n'kung'ambika mpaka pafupa, dokotala nalemba kuti ndi open fracture, code yake ili mu S62.5 ndi B kumapeto, mwachitsanzo S62.521B pa fupa lakunsonga la chala chakumanja limene lasuntha. Musaonjezere S61 pamalo omwewo. B ija yanena kale za balalo. Koma mawu akuti open fracture achokere kwa dokotala. Akalemba fupa losweka ndi bala padera osanena kuti n'zolumikizana, malangizo amati fupa losatchulidwa ngati lotseguka limatengedwa ngati lotsekeka. Apa ndi bwino kufunsa, chifukwa kusiyana kwake n'kwakukulu pa chithandizo ndi pa ndalama.

Kuduka kuli mu S68.0 ngati kwachitikira patsinde la chala, ndi S68.5 ngati kwadutsa m'mafupa a chalacho. Kukhudzidwa kwa tendon, chingwe cholumikiza mnofu ndi fupa, kuli ndi ma code ake amene amayendera limodzi ndi a bala: S66.0 ya tendon yaitali yopinda chala chachikulu, S66.2 ya yowongola. Mtsempha wa kumva wa chalacho ndi S64.31 kumanja, S64.32 kumanzere. Code imeneyi ndi yaifupi, choncho imafuna X wodzaza malo kuti chilembo chomaliza chikhale pamalo achisanu ndi chiwiri: S64.31XA. Mukalemba S64.31A yakanidwa. Kuvulala kwakukulu kumatsogola pamndandanda.

Kulumidwa nako kuli pawiri. Mano akaboola khungu ndi S61.05 kapena S61.15. Akangokanda pamwamba ndi za S60, ndipo ziwirizi siziikidwa pamodzi.

Code ya kusoka

Ma code a kusoka amadalira zinthu zitatu: kuvuta kwa ntchito, malo a pathupi ndi utali m'masentimita. Dokotala akapanda kulemba utali, palibe chimene mungachite koposa kumufunsa, kapena kutenga code yotsikitsitsa. Kuwerenga kuti anabaya kanayi n'kuganizira utali si umboni. Akalemba m'mainchi, inchi imodzi ndi masentimita 2.54, ndipo malire a code yoyamba ali pa 2.5, ndiye bala la inchi imodzi lili pamalire penipeni. Mupempheni alembe muyeso weniweni m'masentimita.

Kusoka khungu lapamwamba lokha ndi 12001 pa bala la masentimita 2.5 kapena kuchepera, 12002 kuyambira 2.6 mpaka 7.5. Kusoka kwapakati, kumene dokotala wasoka mkati kenako pamwamba, kapena wasoka kamodzi bala lakuda kwambiri limene linafuna kutsuka kwa nthawi ndi kuchotsa tizinyalala, ndi 12041 ndi 12042 pa mautali omwewo. Cholakwika chofala pano ndi kuika 12031. Pa kusoka wamba, manja ali gulu limodzi ndi mikono ndi miyendo. Pa kusoka kwapakati, manja amachoka m'gululo n'kupita ku 12041 pamodzi ndi khosi ndi mapazi. 12031 pa code ya chala ndi CO-11 yosachita kufunsa.

Kusoka kovuta ndi 13131 kuyambira 1.1 mpaka 2.5, ndi 13132 kuyambira 2.6 mpaka 7.5. Kuyambira 2020 CPT inakhwimitsa tanthauzo lake. Dokotala kungolemba kuti bala linali lovuta sikukwanira. Zolemba zionetse chimodzi mwa zotchulidwa m'bukumo, monga fupa kapena tendon yoonekera, kudula m'mphepete mwa bala moonongeka, kapena kumasula khungu pansi motalika. Ndaona ma claim a 13131 akulipidwa bwinobwino, kenako kampani n'kudzaitanitsa zolemba n'kutenganso ndalama zake. Kuli bwino 12041 yoima pa umboni.

Mabala awiri osokedwa mofanana m'gulu limodzi la malo amaphatikizidwa utali. Masentimita 2 pa chala chachikulu ndi 1.5 pa chamkombaphala, onse kusoka wamba, ndi 12002 imodzi ya 3.5, osati 12001 kawiri. Ma code a matenda amakhala awiri, code ya ntchito imodzi, ndipo m'bokosi 24E la fomu ya claim, CMS-1500, mulozemo onse awiri.

Tizingwe tomata tokha, tija ta Steri-Strip, si kusoka. Timalowa mu E/M, code ya kuona ndi kuunika wodwala. Guluu wa pakhungu amawerengedwa ngati kutseka bala, koma Medicare, inshuwalansi ya boma la America, ili ndi code yake ngati wagwiritsidwa ntchito yekha, G0168. Jakisoni wa dzanzi wa patsinde la chala ali kale mkati mwa ntchito ya kusoka malinga ndi CPT, ndiye 64450 pambali pa 12001 idzabwerera ndi CO-97, ndipo kuikakamiza ndi modifier 59 n'kudziitanira mavuto. Chimodzimodzi kuchotsa kagalasi ndi chopanira kudzera pabala lotseguka kale: 10120 imafuna kuti dokotala acheke kuti achipeze chinthucho. Ndipo tendon kapena mtsempha zikasokedwa, kutseka khungu wamba kuli mkati mwa ntchito yaikuluyo.

Chitsanzo chimodzi chathunthu

Tiyerekeze wophika mu lesitilanti wadzicheka chala chachikulu chakumanzere. Mpeni wadutsa pachikhadabo mpaka mnofu wa pansi pake. Dokotala wachititsa dzanzi chala, wachotsa chikhadabo, wasoka mnofuwo ndi ulusi wosungunuka wokha, wabwezeretsa chikhadabo pamwamba kuti chiteteze. Claim yoyamba inapita ndi S61.012A ndi 12001, ku inshuwalansi ya umoyo ya wodwalayo, ndipo yabwerera ndi CO-19.

Pali zolakwika zitatu, ngakhale remittance yatchula chimodzi. Code ya matenda iyenera kukhala S61.112A chifukwa chikhadabo chakhudzidwa. Ntchito ndi 11760, kusoka mnofu wa pansi pa chikhadabo, yokhala ndi modifier FA. Kuchotsa chikhadabo pano inali njira yofikira posoka, choncho musathamangire kuonjezera 11730 musanaone tebulo la NCCI la miyezi imeneyo, loonetsa ma code osayenera kuikidwa pamodzi. Chachitatu ndi wolipira. Munthuyu anavulala ali pantchito, ndiye claim ipite ku workers' compensation ya abwana ake, inshuwalansi ya ovulala pantchito, bokosi 10a la fomu ya CMS-1500 lichongedwe kuti inde, ndipo tsiku lovulala lilembedwe. Malamulo ndi mitengo ya workers' compensation zimasiyana state ndi state, choncho pezani nambala ya mlandu kwa abwanawo musanatumize.

Ma code ofotokoza mmene ngozi inachitikira ndi W26.0XXA ya mpeni, Y92.511 ya lesitilanti, Y93.G1 ya kukonza chakudya ndi Y99.0 ya ntchito yolipidwa. Palibe lamulo la dziko lonse lokakamiza ma code amenewa, koma ma state ena ndi makampani ena amawafuna, ndipo ine ndimawaika nthawi zonse. Code ya bala ikafika yokha, kampani imatumiza kalata kwa wodwala kufunsa ngati inali ngozi ya kuntchito kapena ya galimoto. Wodwala sayankha, claim imangokhala. Kungoti ma code a ngoziwa asatsogole pamndandanda, ndipo a Y92, Y93 ndi Y99 amaikidwa ulendo woyamba wokha. Ena ofala pa chala chachikulu ndi W25.XXXA ya galasi, W45.0XXA ya msomali, W54.0XXA ya galu ndi W55.01XA ya mphaka.

Modifier, katemera ndi masiku a global

FA ndi chala chachikulu chakumanzere, F5 ndi chakumanja. Zinazo ndi F1 mpaka F4 kumanzere, F6 mpaka F9 kumanja. Onetsetsani kuti modifier ndi code ya matenda zikunena dzanja limodzi. S61.111A pamodzi ndi FA ndi claim yodzitsutsa yokha, ndipo makompyuta a makampani ambiri amaigwira nthawi yomweyo. Pa ntchito za chikhadabo ma modifier amenewa ndi ofunika. Pa 12001 ndi anzake makampani amasiyana, ena amawalandira ena amawakana ndi CO-4, ndiye sungani kabuku ka zimene aliyense amafuna.

Modifier 25 pa E/M ndi nkhani imene timakangana nayo kwambiri. Kuyang'ana bala n'kuganiza zosoka kuli mkati mwa kusokako. E/M imaima payokha ngati dokotala anachita zoposa pamenepo ndipo zalembedwa: kufufuza chifukwa chimene munthuyo anagwera, kuona kuvulala kwina, kuyeza kumva ndi kuyenda kwa chala n'kuitanitsa X-ray ya 73140 poopa fupa, kulemba mankhwala pa bala la kulumidwa. Popanda 25, E/M imamezedwa ndi CO-97. Koma kuika 25 pa claim iliyonse mwachizolowezi ndi njira yachidule yoitanira audit, kufufuzidwa kwa ma claim anu.

Katemera wa kafumbata ali ndi mizere iwiri: mankhwala, 90714 ya Td kapena 90715 ya Tdap, ndi kubaya, 90471. Vuto limabwera pa Medicare. Part B, gawo la Medicare lolipira madokotala, siilipira katemerayu ngati wongodziteteza, koma imalipira ngati waperekedwa chifukwa cha bala. Mizere iwiriyi ikaloza Z23 yokha, code ya ulendo wa katemera, imakanidwa. Iloze code ya balalo.

Za kuchotsa ulusi zimadalira masiku a global, masiku a pambuyo pa ntchito amene chisamaliro chawo chili kale m'malipiro a ntchitoyo. Ku Medicare kusoka wamba kuli ndi masiku 0, choncho ulendo wodzachotsa ulusi ukhoza kulipiritsidwa ngati E/M. Kusoka kwapakati, kovuta ndi 11760 kuli ndi masiku 10, ndipo wodwala akabwerera kwa dokotala yemweyo kapena mnzake wa gulu lomwelo m'masiku amenewo, palibe cholipiritsa. Kuyambira 2023 kuli 15853, yoonjezera pa E/M pochotsa ulusi popanda mankhwala ogonetsa, koma siyenda yokha ndipo siithyola lamulo la global. Makampani ena satsatira masiku a Medicare, ndiye onani mgwirizano wanu ndi iwo.

Kutumizanso

Mukapeza cholakwika, njira yobwezera imadalira wolipira. Makampani ambiri amafuna claim yokonzedwa, 7 m'bokosi 22 pamodzi ndi nambala ya claim yoyamba, ndipo mutumize mizere yonse, osati wokonzedwa wokha, chifukwa yatsopanoyi imalowa m'malo mwa yakale yonse. Medicare Part B ndi yosiyana. CO-16 ikabwera ndi MA130, claim ija imatengedwa ngati sinalandiridwe n'komwe, ndiye palibe apilo, mumangotumiza yatsopano yokonzedwa. Ngati inaweruzidwa n'kukanidwa, cholakwika chaching'ono monga modifier chimakonzedwa ndi reopening, kupempha kuti aitsegulenso, pamene kutsutsa chigamulo ndi redetermination, imene ili ndi masiku 120. Claim ya Medicare iyenera kufika pasanathe chaka kuchokera tsiku la chithandizo, koma makampani ena amapereka masiku ochepa kwambiri kuposa apo, ndipo CO-29, yoti nthawi yotumizira inatha, ikabwera n'kovuta kuipulumutsa.

Code ya matenda isinthidwe pokhapokha zolemba zikuichirikiza. Ngati dokotala akuonjezera za chikhadabo kapena utali wa bala, alembe ngati zoonjezera, ndi tsiku la lero ndi siginecha yake, osafufuta zakale. Ndipo ma code a ICD-10-CM amasintha pa 1 Okutobala chaka chilichonse, a CPT pa 1 Januwale, choncho pokonza claim yakale gwiritsani ntchito buku la tsiku limene wodwala anathandizidwa, osati la tsiku limene mukutumiza.